Faness Atseka Khomo la Bambo Ake

Mukafika pa Nsaru tsiku la msika n'kumva munthu wamkazi akuseka mpaka a kabaza kucheuka, musavutike n'kufunsa. Ameneyo ndi Faness, msuweni wanga. Ali ndi kashopu kobiriwira kuseri kwa ogulitsa matumba, komwe amakonza mafoni, kujambula mapepala ndi kukalipira anthu. Kukalipirako n'kwaulere. Mukamupatsa foni yoti akonze, amayamba wafunsa nambala yotsegulira, ndipo mukatchula chaka chimene mudabadwa, amakuyang'anani ngati mwamupondera ufa woanika.

Ine ndine Rebecca, mlembi wa kopaletivi yathu ya alimi a mtedza. Bambo ake a Faness, malemu a Cornelius, adali atsibweni anga, alongo awo a mayi anga. Choncho ine ndi Faness timanyozana mwaufulu, ndipo palibe bwalo lingatizenge mlandu. Iye amati ndimalemba pakompyuta ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Ine ndimamuyankha kuti chala chimodzicho chidapeza banja, pamene zake khumi zikadali kufunafuna.

Faness adabadwa ndi khalidwe limodzi limene silidamuchoke. Tili ana, mbuzi zikalowa m'dimba la kwawo, tonse tinkathamangitsa mbuzizo ndi miyala, kukuwa, kugwa, kudzuka. Iye ayi. Ankazisiya zikudya mpiru, n'kuyamba kuzungulira mpanda pang'onopang'ono, akukankha udzu ndi dzanja mpaka atapeza pamene zalowera. Mayi ake, a Lucia, ankapsa mtima: "Iwe, ndiwo zikutha!" Koma atsibweni, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Chitedze m'minda yoyeserera mbewu ya mtedza, ankangoseka akamva. Ankati, "Musiyeni. Inu mukulimbana ndi mbuzi za lero, iye akulimbana ndi za mawa."

Sukulu idamuyanja. Atamaliza sekondale adapita ku Lilongwe kukaphunzira za makompyuta, kenako kampani ina idamulemba ntchito yodabwitsa. Eni mawebusayiti ankamulipira kuti aziyesa kuthyola mawebusayiti awo omwewo, n'kuwauza pamene pali poboka akuba enieni asadapaone. Tsiku limene adafotokoza zimenezi kunyumba, a Lucia adagwira kukamwa. "Ndiye kuti mtedza wonse tidagulitsa uja, timaphunzitsa mbava?" Atsibweni adaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Adati, "Amayi, ndi mpanda uja. Wangokula."

Atapuma ntchito ku Chitedze, atsibweni ndi amene adasonkhanitsa alimi n'kuyambitsa kopaletivi. Patapita nthawi kudabwera bungwe lina la m'tauni, n'kutiikira webusayiti yathuyathu. Kuseri kwake kuli detabesi, kutanthauza nkhokwe yosungiramo mayina a alimi onse, midzi yawo, minda yawo ndi manambala awo a foni. Ukalowamo n'kulemba uthenga umodzi, umafika m'mafoni a alimi onse, kuyambira kuno mpaka ku Nambuma ndi ku Kabudula. Bungwe lija lidamaliza zake n'kupita, monga amachitira mabungwe. Dzina loyamba kulembedwa mmenemo, lokhala ndi mphamvu zonse, lidali la a Cornelius.

Ndipo uthenga uliwonse unkatha chimodzimodzi: "Ine wanu, Cornelius."

Abale, mawu atatu amenewa adali ndi mphamvu kuposa mlangizi ndi njinga yake yamoto. Mvula yoyamba ikagwa, anthu mitima ili m'mwamba, mbewu ili kale m'mabeseni, foni inkalira: "Musadzale, ichi n'chizimalupsa. Ine wanu, Cornelius." Basi, mabeseni ankabwerera m'nyumba. Akati zulani mtedza sabata ino usanayambe chuku, anthu ankazula ngakhale kuli ukwati. Munthuyo sadanamizepo mlimi, ngakhale kamodzi, ndipo akalakwitsa ankalemba yekha kuti ndidalakwitsa.

Atayamba kudwala, Faness adasiya ntchito ya m'tauni n'kubwera kudzawadwazika. Adatisiya m'nyengo yozizira chaka chatha. Ndinene poyera, ine imfa imene ija idandipweteka kwambiri, chifukwa atsibweniwo ndi amene adandilipirira sukulu, ndi amenenso adandiimira pa ukwati wanga. Faness sadabwererenso ku Lilongwe. Adatsegula kashopu kaja, ndipo ntchito zina za m'tauni amazigwirira pomwepo, laputopu pamiyendo, netiweki ikalola.

Maliro atatha, akubanja adakhala pansi monga mwa mwambo wathu. Adagwirizana kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka tidzamange chiliza tikakolola. Jekete lawo la kwaya, njinga, nsapato, buku la nyimbo, zonse zidalowa m'chipinda, a Lucia n'kukhoma. A komiti ya kopaletivi nawonso adati zikhale choncho ku ofesi. Mpando wawo udakhala pamalo pake, chipewa chawo pamsomali, ndipo dzina lawo m'kompyuta lidakhalanso momwemo. Ine ndinkalowa ndi dzina lawo ndi pasiwedi yawo, n'kumatumiza mauthenga monga kale, mathero ake omwe aja.

Musaganize kuti anthu akwathu ndi ogona. Aliyense ankadziwa kuti a Cornelius ali kumanda ndipo wolemba ndi Rebecca wa chala chimodzi. Koma dzinalo linkatanthauza kuti uthengawu ndi wa ofesi, ndi woona, wadutsa m'manja oyenera. Ndipo a Lucia, foni ikalira, ankapukuta manja pachitenje, kuwerenga mpaka pansi, n'kumwetulira. "Abambo alankhula," ankatero. Sadafufutepo uthenga ndi umodzi womwe.

Chaka chomwecho dzuwa litayamba kuswa mtengo, kompyuta ya ku ofesi idayamba ulesi, ndipo a komiti adapempha Faness kuti aziiyang'anira pamodzi ndi webusayiti. Mwana wa mpanda uja adayambira pomwe mukuganizapo. Adapempha chilolezo, n'kuyatsa pulogalamu yake imene amaitcha sikana. Adandifotokozera kuti sikana imayendera webusayiti yonse, kugogoda khomo lililonse, kukankha zenera lililonse, kuyesa maloko ndi njira zonse zimene akuba amadziwika nazo, kenako n'kunena pamene pagwedera. Ine ndidapita kukagula mandazi. Pobwera ndidamupeza sakuseka, chinthu chimene sichichitikachitika.

"Rebecca, tabwera uone manyazi anu," adatero.

Pakompyutapo padali mizere yobiriwira, ina yachikasu, ndipo pamwamba penipeni umodzi wofiira. Ndidati, "Umodzi wokhawo? Ndiye takhoza, eti?"

"Mbuzi zimafuna mabowo angati?"

Adandionetsa kabokosi kamene timalembamo dzina polowa. Adati pulogalamu yathu ndi yakale, ndipo ili ndi chilema. Munthu akalemba tizizindikiro tina m'kabokosimo m'malo mwa dzina, detabesi imasokonezeka n'kutenga zimenezo ngati lamulo, basi n'kumutsegulira, osafunsa pasiwedi. Ndipo imamulowetsa ngati munthu woyamba kulembedwa m'nkhokwemo. Sadachite kutchula dzina. Ndidayang'ana chipewa chija pamsomali.

Adapitiriza kuti amene adapanga pulogalamuyo adachiona kalekale chilemacho, n'kutulutsa chigamba chake, chaulere, chongoika. Koma nkhani ikalengezedwa choncho, akuba nawonso amamva, ndipo ali ndi masikana awo amene amayendayenda pa intaneti kufunafuna anthu ogona amene sadaike. Adandionetsa pamene webusayiti imalemba aliyense wogogoda. Mudali alendo ochokera kumaiko amene ine sindingawaloze pamapu. "Awa akungoyesa pasiwedi, sadafike pabowo," adatero. "Koma afika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndiye ika chigambacho lero lomwe, ukudikira chiyani?"

Apa m'pamene padali fupa. Chigambacho chimabwera ndi malamulo atsopano. Aliyense azilowa ndi dzina lake, ndipo polowa, nambala yachinsinsi izibwera pafoni yake kuti zitsimikizike kuti ndi iyeyo. Uthenga uzituluka ndi dzina la amene wautumiza. Nambala ya foni ya atsibweni idali itatsekedwa kale chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Kuika chigamba kudali kutseka dzina la a Cornelius, chiliza chisadamangidwe.

Komiti idakumana m'nyumba yosungiramo mtedza, titakhala pamatumba. Wapampando wathu ndi a Nicholas, amene tonse timangowatcha a Tcheya, munthu wamimba yake, wanthabwala, amene adaimba besi m'kwaya pambali pa atsibweni kwa zaka zosawerengeka. Titapemphera, Faness adafotokoza zonse bwinobwino, mwaulemu umene ine sindimadziwa kuti ali nawo.

A Tcheya adamvetsera akugwedeza mutu. Kenako adati, "Mwana wanga, pasiwedi imeneyo timaidziwa anthu awiri, ine ndi Rebecca. Ndipo ine ndidaiiwala. Ndiye wakubayo akaitenga kwa yani?"

Anthu adaseka. Faness adati wakubayo safuna pasiwedi n'komwe.

"Aaa, nanga ndi mfiti?" adafunsa mayi Josephine, msungichuma wathu, ndipo kuseka kudawonjezeka.

A Tcheya adakweza dzanja, nkhope itasintha. "Faness, tamvera. Za malemu sitikhudza chiliza chisadachitike, umadziwa. Ukufuna anthu azinena kuti kopaletivi yafufuta bambo ako udzu usadamere pamanda? Amene tidaimba nawo ndife. Dikira tikolole, tidzachite zonse mwadongosolo."

"Akuba sadikira kukolola, a Tcheya."

"Chabwino," adatero akumwetuliranso, poganiza kuti amugwira. "Ngati n'zoona kuti munthu angalowe popanda pasiwedi, lowa iweyo tione. Rebecca, lemba zimenezo."

Faness adayang'ana mmodzimmodzi. "Mwavomera nonse kuti ndiyese?"

"Tavomera!" adayankha akuseka, ena atayamba kale kusansa fumbi m'zitenje. Ine ndidalemba.

Zovuta zenizeni zidali kunyumba. Nkhani idafika kwa a Lucia ife tisadafike, ndipo tidawapeza akusenda mtedza wambewu pakhonde, osatiyang'ana. Faness adakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, koma sadapite patali.

"Iwe," adatero a Lucia, mawu ali pansipansi, "chinthu chimodzi chokha chimene chimanditchulira dzina la bambo ako m'mawa, ndi chimene ukufuna kuchotsa? Ukufuna undiphere bambo ako kachiwiri?"

Faness, amene amayankha ngakhale wansembe, adangodzuka n'kupita kuseri kwa khola, ndipo ndidamupeza akulira. Ine mtima wanga udali kwa mayi ake, ndipo ndidamuuza choncho. Ndidati, "Msuweni, miyezi ingapo yokha, ungafe nayo?" Adapukuta mphuno n'kundiyang'ana ndi maso ofiira. "Rebecca, ukuganiza kuti ine sindiwasowa? Ndikuopa kuti tsiku lina mbava idzalankhula ndi pakamwa pa bambo anga, ndipo anthu adzaimvera. Dzina limene adalisamala moyo wawo wonse lidzatukwanidwa pamsika."

Loweruka m'mawa adandiitana kushopu kwake. Ofesi idali yokhoma kuyambira dzulo lake, kiyi ali m'thumba la a Tcheya. "Khala apa ukhale mboni," adatero. Sadagwire n'komwe laputopu. Adatenga foni ya kasitomala wina imene idali ndi galasi losweka, atamupempha mwini wake, n'kutsegula webusayiti yathu. M'kabokosi ka dzina adalembamo tizizindikiro take tija. Ka pasiwedi adakasiya kopanda kanthu. Adadina.

Pafonipo padalembedwa kuti, "Takulandirani, a Cornelius."

Kunja wina ankatsatsa tomato. Ine mawu amenewo ndinkawaona tsiku ndi tsiku ku ofesi, koma kuwaona pafoni ya mlendo pakati pa msika kudali ngati kupeza munthu wachilendo atavala jekete la atsibweni.

"Tsopano tilembe chiyani?" adafunsa. Adasankha manambala a anthu a komiti okha. Ine ndidati alembe kuti ndalowa, basi. Iye adati ayi, akatero angoti Rebecca wamupatsa pasiwedi n'kuiwala nkhaniyo. Adaganiza pang'ono, kenako kumwetulira kwake kwa mwano kuja kudabwerera. Adalemba kuti: "A komiti nonse, mawa tikatuluka Misa yoyamba mubwere kunyumba kwathu, aliyense ndi nkhuku yamoyo. Musafunse chifukwa. Ine wanu, Cornelius."

"Wapenga," ndidatero. "Palibe angabwere. Anthu aja ali ndi nzeru zawo, ndiponso dzana lomweli amva kuti uyesa."

"Tiona," adatero, n'kubweza foni kwa mwini wake.

Lamulungu kutchalitchi palibe adandifunsa kanthu. A Tcheya adangonditsinzinira diso limodzi potuluka, ngati anthu odziwa chinsinsi chimodzi. Ndidathamangira kwa a Lucia n'kukhala pakhonde ndi Faness, tikunamizira kusankha mtedza.

Woyamba kutulukira adali a Tcheya eni ake, atavala suti yawo ya Misa, tambala wofiira ali m'khwapa, mchira ukulendewera kumbuyo. Pambuyo pawo mayi Josephine, thadzi lili m'dengu pamutu, likusuzumira. Kenako wina panjinga, nkhuku itamangidwa pakeriyala. Wina adafika akupepesa kuti kwawo chitopa chidamaliza zonse, ndiye wachita kubwereka kwa apongozi ake. Wina adabwera ndi bakha, nayenso akupepesa. Ndipo chimene chidandimaliza ine, kudabwera mkulu wina amene sali n'komwe mu komiti, nkhuku ili m'manja, nkhope ili gwaa. Adati wamva kwa mnzake, ndipo akufuna adziwe chimene adawalakwira a Cornelius kuti amusiye pa nkhani ngati imeneyi.

Ine ndidaluma chitenje kuti ndisaphulike. Faness misozi ya kuseka inkatsikira m'lichero.

A Lucia adatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo. Bwalo lonse lidali nkhuku zokhazokha. "Kwagwanji, alamu?"

"Tamvera uthenga, alamu," adatero a Tcheya monyadira. "Tangoganiza kuti ndi zokonzekera chiliza. Ife sitifunsa." Adawapatsa foni. A Lucia adawerenga mpaka pansi, n'kutembenukira kwa ine.

"Rebecca, ndiwe walemba zimenezi?"

"Ayi, amayi. Ofesi ndi yokhoma kuyambira Lachisanu. Kiyi ali ndi a Tcheya."

A Tcheya adagwira thumba, kiyi n'kulira. Pamenepo m'pamene nkhope yawo idayamba kukumbukira msonkhano uja. Faness adadzuka, kukagwada patsogolo pa mayi ake, koma mawu adakweza kuti onse amve.

"Ndine, amayi. Ndalemba ndili pamsika, pafoni ya munthu wongodutsa, popanda pasiwedi, monga a komiti adandilolera. Pepani kuti ndagwiritsa dzina la bambo. Koma taonani. Anthu awa adachenjezedwa, komabe palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa. Abwera chifukwa bambo sadawanamizepo. Ine ndapempha nkhuku. Wina adzauza alimi onse kuti atumize ndalama za mbewu pa nambala yake, ndipo pansi adzalemba kuti ine wanu, Cornelius. Adzatumiza, amayi. Ndipo akadzazindikira, dzina limene adzalitukwane si la wakubayo."

Pomwepo tambala wa a Tcheya, ngati wachita kutumidwa, adatulutsa mutu m'khwapa muja n'kulira kokoliriko ndi mphamvu zake zonse. A Tcheya adayamba kugwedezeka mimba, kenako adaphulika. "Mayo ine! Ndi suti yomwe! Cornelius, mwana wako wandivula!" Onse adagwa nacho chiseko, wabakha uja mpaka kukhala pansi.

A Lucia okha sadaseke. Adabweza foni, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kuseka kudazima. Faness adakhalabe chogwada. Ndidaopa kuti wapambana komiti koma wataya mayi ake.

Patapita kanthawi chitseko chidatseguka. A Lucia adatuluka atagwira loko wa chipinda chija cha katundu wa malemu, maso ali onyowa. Adamuonetsa kwa a Tcheya. "Alamu, chipinda cha amuna anga ndimakhoma ndi loko uyu. Kodi ndimakhoma chifukwa ndawaiwala?"

"Ayi, alamu."

"Ndimakhoma kuti wina asavale jekete lawo n'kukaledzera nalo. Ndiye ife tidakhomera nsapato ndi njinga, dzina n'kulisiya pabwalo." Adatembenukira kwa ine. "Rebecca, kaitane mayi ako. Eni ake a malirowa ndi iwowo, ine sindingalamule ndekha."

Ndidathamanga ngati mtsikana. Mayi anga adabwera akumanga duku m'njira, adamva nkhani yonse, adayang'ana nkhuku zija imodziimodzi, n'kufunsa kuti bakhayo ndi wa yani. Atauzidwa adapukusa mutu. Kenako adati, "Mlongo wanga ankadana ndi mpanda woboka kuposa njala. Mwambo ndi wosunga za malemu, si wozitayitsa. Tsekani lero lomwe. Chiliza tidzamanga pa nthawi yake."

A Lucia adamugwira Faness pamapewa n'kumudzutsa. "Dzuka, mbava yanga," adatero, ndipo apa m'pamene adaseka.

Nkhuku zija eni ake adakana kubwerera nazo. A Tcheya adati nkhuku yoitanidwa ndi a Cornelius sibwerera kwawo. Zina tidasunga kuti ziswane podikira chiliza, zina zidagwa pomwepo. Mayi Josephine adatumiza mpunga, wina adabwera ndi ndowa ya thobwa, ndipo a kwaya atamva fungo adatulukira okha popanda uthenga uliwonse. Chiyambire maliro, pabwalo paja padali pasadamvekenso nyimbo. Tsiku limenelo zidamveka mpaka kumsewu, a Tcheya akugunda besi mafuta ali m'milomo.

Dzuwa litapendeka tidapita ku ofesi gulu lonse. Faness adayamba wakopera nkhokwe yonse ya mayina n'kuisunga malo awiri, kuti china chikalakwika tisalire. Kenako adakonza zonse, n'kutsala pongodina. Adasuntha mpando. "Amayi, dinani ndinu."

A Lucia adakhala pansi, chala chili m'mwamba. "Nanga mauthenga akale ali m'foni mwangamu, afufutika?"

"Ayi, amayi. Amenewo ndi anu mpaka kalekale."

Adayang'ana chipewa chija pamsomali, adachita chizindikiro cha mtanda, n'kudina. Kamzere kadayamba kuyenda pang'onopang'ono, ife tonse tili pakhosi pa Faness. Katafika kumapeto, iye adatenga foni yake n'kuyesanso tizizindikiro tija. Webusayiti idamukana. Adayatsanso sikana, ndipo titadikira, mzere wofiira uja padalibe. Mayi Josephine adaimba nthungululu ngati mwana wabadwa.

Kenako aliyense woyenera adalandira dzina lake lolowera. A Tcheya adafuna kuti pasiwedi yawo ikhale Tcheya. Faness adawayang'ana ndi diso la ufa woanika lija mpaka adasintha okha. Adatichenjezanso kuti ichi si chigamba chomaliza, zina zizibwera, ndipo iye aziyendera mpandawu mwezi ndi mwezi, kaya komiti yakumana kaya sidakumane. Adavomera onse, ndipo ulendo uno palibe adaseka.

Chidatsala n'chakuti uthenga woyamba atumize ndani. Mvula yeniyeni itagwa ndipo alangizi atatsimikiza kuti nthaka yakhuta, a Tcheya adati nditumize ine monga mwa masiku onse. Ndidakana. Dzina la Rebecca silingadzalitse munthu mtedza, ndimadzidziwa. A Tcheya nawo adati iwo anthu akungowakumbukira ndi tambala. Tonse tidayang'ana Faness, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidamuona akuchita manyazi.

M'mawa mwake ndidalawirira kwa a Lucia kukawathandiza kudzala. Kudali kukununkhira dothi lonyowa, ngumbi zili mbwee pabwalo. Tidali titakhala pakhonde, beseni la mbewu lili pakati pathu, ndipo ndidaona kuti foni aiika pafupi, chafufumimba, ngati sakufuna kuiona. Kuyambira Lamulungu lija idali isadalire ndi uthenga wa ofesi.

Idalira. A Lucia adapukuta manja pachitenje monga kale, koma adachedwa kuitembenuza. Kenako adawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Alimi anzanga, iyi ndiye mvula yodzalira. Dzalani mtedza wanu msanga, mbewu imodzi paphando, musadikire mawa la mawa." Adaima. Kompyuta idali itaika yokha dzina la wotumiza pamwamba, Faness, basi. Koma pansi mwanayo adali atawonjezera ndi dzanja lake. A Lucia adapitiriza kuwerenga: "Ine wanu, Faness, mwana wa a Cornelius."

Adawerenganso kachiwiri chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Misozi idatsika, koma nkhope yonse idali kuseka. Adamangirira foni pa nsonga ya chitenje, adadzuka, n'kundisenzetsa beseni.

"Tiye, Rebecca," adatero. "Sudamve? Mwana wa a Cornelius walankhula."